Wakuba Woyenda Ngati a Elifala

Ine zidole za pa kanema sindizikonda, ndineneretu. Chomwe chinkandikhazika pa benchi pakhonde pa golosale ya a Mahamadi Loweruka masana chinali dzina la mwana wanga basi. Sewero likatha, mayina a olipanga amakwera pagalasi, ndipo cha pakati pake pamatuluka loti Luckness Elifala. Ndikaliona ndinkadzuka, kukutumula chitenje, ulendo wa kunyumba mtima uli mbee.

Luckness ndi mwana wathu woyamba. Amagwira ntchito pa kakampani kena ku Mponela komwe amapanga zidole zoyenda ndi kulankhula pa kompyuta. Sewero lawo ndi la kamtsikana kotchedwa Chikhumbo ndi mbuzi yake yopanda mwambo. Koma musaganize kuti mwana wanga ndiye amapanga Chikhumboyo. Iyayi. Iye anamupatsa anthu a m'mbali: mayi wogulitsa zitumbuwa, kondakitala wa minibasi, munthu wongodutsa ndi nkhuni pamutu, anthu oti akaoneka kamodzi mwina sadzaonekanso. Ndinamufunsapo kuti sukulu yonse ija, fodya yense uja bambo ake anasoka, n'kukathera kupanga anthu ongodutsa? Iye anangoseka, n'kunena kuti mudzi wopanda anthu odutsa si mudzi.

Loweruka lomwe ndikunenali, mudzi wathu kuno kwa Dzoole unali utatentha kale. Masiku angapo m'mbuyomo akuba anatsegula khola la achimwene anga, a Bonifasi, n'kutulutsa ng'ombe zawo zapangolo, fodya ali m'zigafa akudikira kututidwa. Sikunali kuba koyamba, ndipo anthu anali atatopa. A Bonifasi anasiya kudya. Ankangozungulira ndi chikwanje m'manja n'kumauza aliyense kuti wakubayo ndi wa m'mudzi momwemo, chifukwa agalu sanauwe. Tonse tinkadziwa chomwe mawu otere amabala. Chaka chathachi kutsidya kwa mtsinje munthu anamutentha chifukwa cha mbuzi, ndipo utsi wake tinauona tili pamakomo pathu.

Tsikulo pakhonde panadzaza, ana pansi, akuluakulu m'mabenchi. A Bonifasi nawo anaima cha kumbuyo, poti anabwera kudzafunsa a Mahamadi ngati amvapo za nyama yogulitsidwa mozemba. Ndiye taonani tsoka. Nkhani ya sabata imeneyo inali ya wakuba ziweto. Chidole cha wakubacho chinalibe dzina, chinalibe mawu, nkhope chinakulunga nsanza. Chinangooneka kumsana chikukoka mbuzi ya Chikhumbo kulowa nayo m'chimanga, kanthawi koti munthu sungamalize kumwa kapu ya madzi.

Koma kayendedwe kake, abale inu. Phazi lamanzere linkataya kumbali ngati likuzemba chitsa, phewa lamanja n'kugwa, dzanja n'kukagwira pachiuno, kenako mutu n'kugwedezeka pang'ono. M'boma lonse la Dowa munthu woyenda choncho alipo mmodzi yekha, ndipo ndimagona naye m'nyumba imodzi.

Amuna anga a Elifala anagwa kuchokera pamwamba pa chigafa akupachika fodya, Luckness akadali wokwawa. Fupa la m'chiuno linapola mokhota. Zaka zoyambirira ankandifunsa kawirikawiri ngati kutsimphinako kumaoneka kwambiri, ine n'kumati ayi, n'pang'ono chabe, mlendo sangadziwe. Ndikananena chiyani? Iwo anakhulupirira, poti munthu sadziona kumsana, ndipo kagalasi ka m'nyumba mwathu ndi kometera ndevu. M'mudzi namo ndi mkulu wa mpingo, palibe amene anawayerekezapo pamaso pawo.

Anthu pakhonde anayang'anizana. Kenaka mayi wina, dzina lake ndalisunga ngakhale pakamwa pake ndimapadziwa bwino, anangoti, “Amenewo si a Elifala?”

Palibe anaseka. Mayina atayamba kukwera, wina anawerenga la mwana wanga mokweza, ndipo manong'onong'o anayamba kuyenda m'mabenchi. Ati mwanayo wawaulula yekha bambo ake. Ati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye walephera kunena ndi pakamwa, wanenera m'zidole. Ati n'chifukwa chake agalu sanauwe. Dave, wowotcha kanyenya pamsika, munthu amene sanapondeko n'komwe kukhola tsiku lakubalo, analumbira kuti anaona m'matope phazi lokhwekhwereza. Ndinacheuka kuti ndione achimwene anga. Maso awo anali psuu, ndipo sanandiyang'ane.

A Mahamadi anandikodola kuti ndilowe m'golosale ngati ndaiwala sopo. Anandinong'oneza kuti nditulukire khomo lakuseri, ndidzere kudimba, ndikawauze amuna anga achokepo. Iwo ati aimbira Luckness ndi apolisi, ngakhale apolisi ali kutali ndipo msewu mvula inaudya. Munthu ameneyu si wa mpingo wathu, si wa mtundu wathu, koma ndi yekhayo amene anaganiza bwino masana amenewo.

Ndinathamanga ngati mtsikana. Minga sindinaimve. M'njira monse mtima unkangonena chinthu chimodzi, chakuti amuna anga ndi mkamwini. Kwawo ndi kumapiri a ku Ntchisi. Imvi zawamerera m'mudzi muno, manda a anthu a kuno akumba nawo, koma tsiku loipa likafika mkamwini amakumbutsidwa kuti ndi wobwera, ndipo alibe abale oti amuimire.

Ndinawapeza atakhala pa kampando pansi pa chigafa, akusoka fodya, phula lili bii m'zala. Ndinawafotokozera zonse mwa wefuwefu, n'kuwauza kuti alowe m'chimanga akwere kuphiri. Iwo singano sanaisiye. Ati mwana wawo sanganene zimenezo, pali pomwe anthu asokoneza.

“Ndithawe ndi mwendo uti, amayi a Laki?” anatero. “Ndipo ndikathawa ndiye kuti ndavomera.”

Ndinawalalatira, Mulungu andikhululukire. Ndinawatchula mutuuma, ndinawakoka malaya, ndinalira. Iwo anangotola tsamba lina n'kulibaya.

Tinayamba kumva phokoso tisanaone anthu. Kenaka anatulukira panjira ya kuchigayo, chigulu, amuna patsogolo, amayi ndi ana pambuyo. A Bonifasi anali pakati ndi chikwanje chawo. Dave ankagudubuza tayala lakutha la galimoto, ndipo mnzake ananyamula botolo la petulo amene amagulitsira a kabaza. Nditaona tayalalo ndinakumbuka utsi wa kutsidya kwa mtsinje uja. Pamwamba pathu panali fodya wouma, denga la udzu, zonse zongodikira machesi.

A Bonifasi anaima pamphepete pa bwalo n'kufunsa kuti alamu awo ng'ombe azipititsa kuti. Amuna anga anayankha mofatsa kuti sakudziwa, ndi kuti tsiku lakubalo anagona m'nyumba. Wina anakuwa kuti mboni yake ndi mkazi wake yemwe. Wina anaponya chibuma, chinaphwanyika pa mzati. Gulu linayamba kusendera.

Apa ndi pomwe mutu wanga unabwerera. Ndinaima pakati pa iwo ndi chigafa, n'kulemba mzere pansi ndi chala chakuphazi. Ndinamasula chitenje n'kuchiponya pansi, kenako ndinagwira mabatani a bulauzi.

“Achimwene,” ndinatero, “mukangodutsa mzere uwu ndivula zonse pamaso panu. Muone zomwe mlongo saona, ndipo mukafotokoze nokha kumanda kwa amayi athu.”

Anaima. Kwathu kuno mwamuna kuona maliseche a mlongo wake ndi malaulo osachapika, ndipo a Bonifasi, ngakhale mkwiyo unawatseka makutu, zimenezo ankazidziwa. Anatembenuza nkhope. Amuna achikulire nawo anayang'ana pansi. Dave anakuwa kuti amayi abwere adzandichotse, koma palibe mayi amene anasuntha, amandidziwa ine. Ndinamasula batani limodzi kuti aone kuti sindikusewera. Ndinawakumbutsa amene anawanyamulira mwana wawo kupita naye kuchipatala cha ku Mponela chaka cha kolera chija, amene anawabwereka mikangala yopachikira fodya, ndinawauza kuti chibale ndi fupa sichiola. Ndinalankhula chilichonse chomwe chinabwera pakamwa, bola nthawi ipite.

Koma mzere wanga unali wa kutsogolo kokha. Ndili mkati molankhula ndinamva fungo la petulo kuchokera kumbuyo. Wa botolo uja anali atazungulira kuseri kwa chigafa, akuthira m'mizati. Ndinaopa kucheuka, poti ndikanacheuka a kutsogolo akanalowa. Ndinkangomva singano ya amuna anga ikubaya tsamba, kenako nayonso inaleka.

Njinga yamoto inalira kumsewu. Sindinakondepo phokoso la kabaza ngati tsiku limenelo. Luckness anatsika njinga isanaime bwino, matope mpaka m'mawondo, chikwama chakuda atachikumbatira pachifuwa. Anadutsa pakati pa gulu osapereka moni kwa munthu.

Anayamba ndi kunena zoona zokhazokha, kuti sewero limenelo analimaliza mvula isanagwe, ng'ombe zikadali m'khola. Mukuganiza kuti zinathandiza? Dave anati ndiye kuti kubako kunayamba kalekale. Ena anavomereza. Mwana wanga anayang'ana tayala lija, anayang'ana mizati yonyowa. Anapempha amalume ake kuti amulole aonetse chinthu chimodzi chokha, akatha achite zomwe abwerera. A Bonifasi sanavomere, koma sanakanenso.

Luckness anagudubuza mtondo n'kuuvundikira pakati pa bwalo, n'kuikapo laputopu yake. Anthu anaunjikana. Iye anatulutsa wakuba uja, akuyenda pamalo amodzi pagalasi loyera. Anamuvula nsanza, anamuvula khungu, mpaka panatsala timitengo tolumikizana tokhatokha, koma tikuyendabe momwemuja, phazi kumbali, phewa pansi. Anati timitengoto iwo amati mafupa. Ati kupanga kayendedwe ka chidole chimodzi kumadya masiku, ndiye anthu a m'mbali sawapangira aliyense kake, amangotenga mafupa omwe alipo kale n'kuwaveka thupi lina.

Kenaka anaveka mafupawo thupi lomwe anawapangira poyamba. Panatuluka bambo wa chipewa cha mlaza, wa ndevu zoyera, atanyamula pampu ya njinga. Ati dzina lake a Chigamba, womata machubu pansi pa mtengo, amene ana a m'sewero akasowa nzeru ankayenera kukakhala pambali pake. Ati anamupanga chaka chatha pofuna kuti bambo ake akhalemo m'sewero. Koma akuluakulu a kampani anati anthu achuluka, a Chigamba alibe ntchito m'nkhani, n'kuwachotsa asanaonekepo. Tsono sabata yopanga wakuba magetsi ankangozimazima, nthawi inatha, ndipo bwana anafuna wakuba woyenda mosiyana ndi ena. Iye anangotenga mafupa a Chigamba omwe ankangokhala, poganiza kuti pa kanthawi kochepa chonchija palibe angazindikire. Ku Mponela zoonadi palibe anazindikira. Koma mwanayu anaiwala kuti kwathu kuno timadziwana ndi kutsokomola komwe.

A Bonifasi anafunsa kuti nanga timitengoto tinadziwa bwanji kuyenda ngati alamu awo. Luckness anazengereza. Anayang'ana kuchigafa, kenako anatsegula kanema wina, wojambula pa foni. Inali njira yathu yomweyi yopita kumsewu, m'mawa, mame ali m'maudzu. Patsogolo panali a Elifala, atasenza chikwama cha mwana wawo paphewa, akumuperekeza monga ankachitira nthawi zonse. Iye ankawajambula kumbuyo, iwo osadziwa, ndipo kayendedwe ka mafupa aja anakatengera pamenepo.

Anthu anaonerera, koma nkhope zinali zisanamasuke. Dave anati zonsezo ndi nzeru za kusukulu zofuna kuphimba mlandu, mwa anthu onse bwanji anasankha bambo ake kukhala wakuba. Ndinamva machesi akukhotchokhotcha m'bokosi kuseri kwa chigafa. Mwana wanga nayenso anamva. Zala zake zinathamanga pa laputopu ngati nkhuku yotola mapira.

Anatenga mafupa aja n'kuveka mayi wa zitumbuwa. Mayiyo anayamba kuyenda, phazi kumbali, phewa pansi, dengu likupendekeka pamutu. Anaveka kondakitala. Anaveka m'busa wa m'sewero ndi kolala yake yoyera. Anaveka Chikhumbo yemwe.

“Amalume,” anatero, “nawonso awa aba ng'ombe zanu?”

Pomaliza anaveka tambala. Tambala uja atataya mwendo kumbali, phiko n'kukagwira pachiuno, mutu n'kugwedezeka, mwana wina anaphulika kuseka. Amayi anatsatira. Kenaka bwalo lonse linagwa ndi phwete, anthu kugwirana mapewa, ena kupukuta misozi. Dave analeka tayala n'kuyamba kuyerekeza kayendedweko kuzungulira mtondo, dzanja pachiuno, ndipo anthu anasekeratu. Wa machesi uja anatulukira kuseri kudzaona chomwe chikusekedwa, botolo analisiya konko.

Ine ndinatola chitenje changa ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha phwete limenelo. Ndikunena zoona, ndinalikonda, poti munthu amene akuseka sayatsa moto. A Bonifasi okha ndiwo sanaseke. Anakhala pansi pafumbi, chikwanje pakati pa miyendo, n'kufunsa kuti ndiye ng'ombe zawo zili kuti. Patapita kanthawi anadzuka n'kumapita, osapepesa, osatsazika. Gulu nalo linabalalika pang'onopang'ono, ndipo panjira ya kuchigayo ndinkaona ena akupita chotsimphina, anzawo akuwaombera m'manja.

Ndipamene ndinaona kuti amuna anga sali pa kampando. Anali ataima kumbuyo kwa mwana wawo, singano ili m'manja. Sindikudziwa kuti anafikapo nthawi yanji, koma tambala uja anamuona. Luckness anafuna kutseka laputopu, iwo anamugwira dzanja n'kumupempha kuti abwezere kanema wa panjira uja. Anaonerera mpaka kumapeto, n'kupempha kuti abwezerenso.

“Ndi ine ameneyo?” anafunsa. “Ndimayenda chonchi?”

Sanafunse mwanayo. Ankayang'ana ine. Ine, amene pakamwa panga panali patangoimitsa mudzi wonse, ndinayang'ana kumbali n'kuyamba kumanganso chitenje. Luckness anagwada pafumbi n'kuyamba kupepesa, kuti sankafuna kuwanyoza, kuti a Chigamba anawapanga chifukwa cha chikondi. Iwo anamusisita pamutu n'kunena kuti wawapulumutsa, asalire. Kenaka anandiuza kuti nditunge madzi titsuke mizati petulo asanalowe m'fodya. Tinatsuka atatu mpaka dzuwa kupendeka. Apolisi atafika anapeza bwalo lili lokhalokha, anafunsa mafunso awo n'kubwerera.

Lamulungu a Elifala sanapite kutchalitchi. Munthu amene malungo enieni sanamuletsepo kukaimba belu, tsikulo anati mutu ukuwawa. Anaswera m'nyumba. Ndinawapsera mtima, ndinawauza kuti akabisala anthu aziti tambala uja wawagonjetsa, koma anangondiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Mtima unandiwawa kuposa dzulo lake, poti dzulo ndinali ndi anthu oti ndilimbane nawo.

Lolemba m'mawa Luckness anakonzeka kubwerera ku Mponela. Chiyambire sukulu yogonera konko, sanachokepo pakhomo pano bambo ake osamuperekeza mpaka kumsewu, iwo patsogolo ndi chikwama, iye pambuyo. Tsikulonso anatuluka, chipewa cha mlaza kumutu, n'kunyamula chikwamacho monga mwa chizolowezi. Anafika nacho pamphepete pa bwalo. Panjira pankadutsa ana a sukulu ndi amayi opita kumjigo. Palibe anawaseka, ena anapereka moni mwaulemu ndithu. Iwo anaima pomwepo, kenako anatsitsa chikwamacho n'kuchiika pansi.

“Amayi ako akuperekeza,” anatero. “Uyende bwino, mwanangu.”

Chikwama ndinasenza ndine. Luckness analira njira yonse, n'kumanena kuti akafufuta mafupa aja, akapempha kuti gawo limenelo lisadzaonetsedwenso. Ndinamuuza kuti afufute, koma m'mitu mwa anthu a kwa Dzoole afufuta ndi chiyani? Nditaona kuti ndamubaya kwambiri ndinamupukuta nkhope ndi chitenje n'kumukweza pa kabaza.

Pobwerera ndinawapeza a Elifala atakhala pakhonde, khasu lili pambali, dzuwa litakwera kale. Ndinawafunsa kuti kudimba sapita kodi. Anati apita, akungodikira kuti anthu ayambe atha panjira.